Ulendo Waufupi wa ku Nyanja ya Chiuta

Kumadzulo kwa dziko la America kuli matauni ang'onoang'ono amene chuma chawo chimadalira alendo obwera kudzaonera rodeo, omwe ndi mpikisano wa abusa a ng'ombe wosonyeza luso lokwera mahatchi olusa, lokola ana a ng'ombe ndi chingwe, ndiponso lokhala pamsana pa nkhunzi yodumpha kwa masekondi 8 osagwa. Tauni ya Cody, m'boma la Wyoming, imene inakhazikitsidwa mu 1896 n'kutenga dzina la Buffalo Bill Cody, imachita mpikisanowu usiku uliwonse kuyambira Juni mpaka Ogasiti, ndipo ambiri mwa owonerera amakhala anthu ongodutsa popita kumalo osungirako zachilengedwe a Yellowstone. Chimene chinachitika kumeneko n'chakuti ntchito ya masiku onse ya abusa inaikidwa m'bwalo, inapatsidwa malamulo ndi nthawi, mpaka inasanduka chionetsero cholipiritsa.

Ku Machinga kulinso njira imene alendo amadutsa chaka ndi chaka, popeza nkhalango ya Liwonde, yomwe inakhazikitsidwa mu 1973 ndipo bungwe la African Parks linayamba kuiyendetsa mu 2015, imakoka anthu ofuna kuona njovu, mvuu ndi zipembere. Koma ndi ochepa kwambiri mwa alendowa, ngakhalenso mwa anthu a ku Balaka amene ali pafupi, omwe amapitirira kum'mawa kukafika ku nyanja ya Chiuta, kumene ntchito ya manja sinasandukebe chionetsero, ndipo aliyense wofuna kuiona amayenera kuipeza ikugwiridwa pa nthawi yake.

Wochokera ku Balaka amawoloka Shire pa Liwonde, pamene pali baraji ya Kamuzu yomangidwa mu 1965, kenaka n'kutsata msewu wa phula wopita ku Ntaja ndi Nselema, asanapatukire m'misewu ya fumbi yolowera m'madera a mafumu monga Kawinga, Chikweo ndi Ngokwe. Chigawo chomalizachi chimayendeka bwino m'chilimwe, pomwe m'dzinja matope amachititsa kuti njinga za kabaza zikhale zodalirika kuposa galimoto. Palinso njanji yochokera ku Nkaya kudzera ku Liwonde mpaka ku Nayuchi, imene inatsegulidwa mu 1970 pofuna kulumikiza Malawi ndi doko la Nacala, ndipo imadutsa pakati pa nyanja za Chilwa ndi Chiuta isanalowe ku Mozambique pa Entre Lagos.

Mtunda wa mchenga umene uli pakati pa nyanja ziwirizi ndi umene umafotokoza kusiyana kwake. Chilwa alibe mtsinje wotulutsa madzi, motero madzi ake amakhala amchere ndipo nyanjayo inaphwapo mu 1968, mu 1995 ndiponso mbali yake yaikulu mu 2018. Chiuta, amene kuya kwake ndi mamita ochepa chabe, amatsanulira madzi ake kumpoto m'nyanja ya Amaramba ya ku Mozambique, kumene kumayambira mtsinje wa Lugenda wokathira mu Ruvuma, choncho madzi ake sakhala amchere ngati a mnzake. Malire a maiko awiri amadutsa panyanja pomwepo, ndipo anthu a mbali zonse ziwiri, omwe ambiri ndi Ayao, Alomwe ndi Anyanja, ndi apachibale amene amakwatirana, kugulitsana malonda ndi kuikana maliro.

Chinthu choyenera kuonedwa ku Chiuta chimachitika padoko m'mamawa, pamene mabwato akubwerera kuchokera kokawonjola. Asodzi a kuno amagwiritsa ntchito kwambiri matchera, omwe ndi maukonde otchera n'kusiyidwa m'madzi usiku kuti nsomba zikodwe zokha, miono yolukidwa ndi nsungwi kapena mabango, ndiponso mbedza, ndipo zimene amatsitsa ndi makumba, mlamba, matemba ndi chilunguni. Luso loimirira m'bwato lopapatiza, kulilowetsa m'tinjira ta m'mabango popanda kulitembenuza, ndi kudziwa pamene mono uyenera kutcheredwa molingana ndi kayendedwe ka madzi, si laling'ono poyerekeza ndi la mbusa wa ku Wyoming, kungoti palibe amene amaliwombera m'manja. Kumtunda kumakhala amayi ndi abambo ogula nsomba, ena akutumbula, ena akuwamba pamoto, ena akumanga mitolo panjinga kuti akagulitse ku Ntaja ndi ku Liwonde, ndipo kuseri kwa doko kuli madambo a mpunga.

Komabe mlendo amene angaone zimenezi osafunsa chifukwa chimene padokopo palibe makoka akuluakulu, ndiye kuti waphonya nkhani yeniyeni ya nyanjayi. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 ndi kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1990 kunafika asodzi ochokera ku nyanja zina atatenga nkacha, ukonde wa maso ang'onoang'ono wodziwika kwambiri ku nyanja ya Malombe, umene amauzunguliza pakati pa nyanja, munthu mmodzi n'kumira pansi kukausonkhanitsa kuti nsomba zisathawe. Eni dera anadandaula kuti nkacha ikukokolola ndi tiana ta nsomba tomwe, ikuvundula madzi, ikuononga matchera awo ndi kugwetsa mitengo pamsika. M'malo modikira kuti boma liyambe, asodziwo anadzisonkhanitsa okha cha m'ma 1995, anakhazikitsa makomiti a m'madoko, ndipo anathamangitsa eni nkacha, ngakhale kuti zimenezi zinawayambanitsa ndi mafumu ena amene ankalandira mphatso kwa alendowo. Lamulo la usodzi la mu 1997 linadzatsegula njira yoti anthu a m'midzi azitenga nawo mbali posamalira nsomba, koma ku Chiuta ntchitoyo inali itayamba kale, n'chifukwa chake akatswiri a za usodzi monga Friday Njaya alemba za nyanjayi ngati chitsanzo cha chisamaliro chochokera kwa eni ake. Vuto limene linatsala linali lakuti malamulo a mbali ya Malawi sankagwira ntchito kutsidya, ndipo nsomba sizidziwa malire.

Apa m'pamene njira ya Cody iyenera kutsatidwa mosamala. Mpikisano wa mabwato kapena tsiku la chionetsero cha usodzi zingathe kubweretsa ndalama m'dera limene likuzisowa, ndipo palibe cholakwika kuti msodzi alipidwe pomunyamula mlendo m'bwato lake. Koma rodeo inakula n'kukhala masewera a akatswiri oyendayenda, otalikirana ndi ubusa weniweni, pomwe mphamvu ya Chiuta ili pa anthu amene akudyabe za m'nyanjayo ndipo ali ndi chifukwa choitetezera. Ngati alendo ayamba kubwera, ndi bwino kuti azifikira kwa amfumu ndi kwa komiti ya padoko, kuti ndalama zolipirira bwato ndi wolondolera zitsale m'manja mwa omwewo amene amalondera nyanjayi. Oyamba kupita ayenera kukhala ophunzira a m'sukulu za sekondale za ku Balaka, Liwonde ndi Ntaja, amene amaloweza dzina la Chiuta m'phunziro la jogirafe pamene nyanjayo ili pamtunda woti angapite m'mawa n'kubwerako madzulo a tsiku lomwelo.