CHIMBALE CHA KU LEEDS NDI FUNSO LA KUKONZA ZAKALE

M'gawo lino la nkhani zathu za zimbale zotchuka, awerengi, tikambirana za chimbale chimene akatswiri ambiri a nyimbo za rock amachiika patsogolo pa zimbale zonse zojambulidwa pamaso pa khamu la anthu. Dzina lake ndi Live at Leeds, ndipo eni ake ndi gulu la The Who la ku England: Roger Daltrey woimba, Pete Townshend wa gitala, John Entwistle wa besi ndi Keith Moon wa ng'oma.

Pofika m'chaka cha 1969 anyamatawa anali atatchuka ndi chimbale cha Tommy, komabe zimbale zawo za mu situdiyo sizinkaonetsa ukali umene iwo ankaimba nawo pabwalo. Paulendo wa ku America chaka chomwecho anajambula matepi ochuluka, koma Townshend, posafuna kumvetsera mulu wonsewo, analamula Bob Pridden, woyang'anira zokuzira mawu, kuti awatenthe. Motero panafunika kujambulanso. Anasankha malo awiri: holo yodyeramo ophunzira pa University of Leeds pa 14 February 1970, ndi Hull City Hall tsiku lotsatira. Ku Hull besi sinalowe pa tepi m'nyimbo zingapo, choncho mwayi unagwera Leeds.

Chimbalecho chinatuluka mu May 1970 chili ndi nyimbo zisanu ndi imodzi zokha. Zitatu mwa izo zinali zopekedwa ndi ena: ya Mose Allison, ya Eddie Cochran ndi ya Johnny Kidd. Nyimbo yawo ya My Generation, imene poyamba inali ya mphindi zitatu, anaitambasula mpaka pafupifupi mphindi 15. Chikuto chinali cha pepala lofiirira lopanda chithunzi, ngati cha zimbale zojambulidwa mwakuba. Chodabwitsa koposa n'chakuti m'nyimbomo munkamveka kuthetheka kwa waya wosagwira bwino, ndipo pakati pa chimbale panalembedwa chenjezo lakuti phokosolo lisakonzedwe.

Patapita zaka 25, m'chaka cha 1995, chimbalechi chinatulukanso pa CD chili ndi nyimbo 14. Amisiri anabwerera ku matepi oyambirira, nakonzanso kamvekedwe ka chida chilichonse, nachotsa kuthetheka kuja. M'chaka cha 2001 anaonjezamo gawo lonse la Tommy limene linaimbidwa usiku uja. Ndipo m'chaka cha 2010, pokumbukira zaka 40, anatulutsanso za ku Hull. Pamene besi inasowa anaikapo ya ku Leeds. Apa n'kuti Moon atamwalira mu 1978, Entwistle nayenso mu 2002, kotero kuti mwini besiyo sakanatha kuvomereza kapena kukana.

Pamenepa ndi pamene pagona nkhani. Ena amati kukonzako kunatichitira zabwino, chifukwa amene anagula chimbale cha 1970 anangomva kachigawo chabe ka usiku wautali, pamene ife tsopano tingamve nyimbo zimene zinasiyidwa, ngakhalenso nthabwala za oimba pakati pa nyimbo. Ena amati chimbale chojambulidwa pabwalo ndi mboni, ndipo mboni siphunzitsidwa zonena. Kwa iwowa kuthetheka kuja kunali chidindo chakuti zinthuzi zinachitikadi, pakuti akulu anati mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo.

Mbali zonse zili ndi mfundo, koma mpofunika kusiyanitsa zinthu ziwiri. Kuchotsa phokoso la waya n'kupukuta fumbi pagalasi: zimene oimba anaimba sizisintha. Koma kutenga besi ya tsiku lina n'kuiika pa nyimbo ya tsiku linzake n'kupanga usiku umene sunakhaleko. Zimenezi zingaloledwe pokhapokha wogula atauzidwa poyera.

Aphunzitsi a mbiri yakale amalidziwa vutoli, pakuti chikalata chokopedwa bwino chimawerengeka msanga, koma choyambirira sichitayidwa. Inunso amene mwangomaliza sukulu, mukapeza mpata mvetserani zonse ziwiri, cha 1970 ndi cha 1995, kenaka muweruze nokha. M'gawo lotsatira tidzaona chimbale cha Made in Japan cha gulu la Deep Purple, chojambulidwa m'chaka cha 1972.