Chikondi Chodumpha Zaka: Majini ndi Maulendo a Nthawi M'nkhani Zimene Ana Athu Akuwerenga



Nkhani zachikondi zasintha. Kale mnyamata ndi mtsikana ankalekanitsidwa ndi umphawi, malume ouma mtima kapena ulendo wa ku Joni. Lero mtsikana ndi wa chaka chino koma mnyamata adamwalira zaka 200 zapitazo, kapena si munthu n'komwe, ndi chiwanda chobwera usiku chitatchena suti. Nkhani zotere zimatuluka m'zigawozigawo pa Facebook ndi WhatsApp, zina m'Chichewa chathu chomwechi, ndipo mafilimu a ku Nigeria amene ana amaonera m'mavidiyo pa Lumbadzi kapena pa Nsaru ngodzaza ndi akazi a m'madzi ndi amuna auzimu. Ophunzira amafunsa ngati Msilamu angaziwerenge. Tisanafike pa halaal ndi haraam, tiyambe tadziwa chimene chili m'manja mwathu.

Nkhani yachikondi siyenda popanda chotchinga. Awiri akakondana pa tsamba loyamba n'kumanga nikah pa tsamba lachiwiri, buku latha. Kumaiko kumene makolo sakhalanso ndi mawu pa ukwati wa ana awo, alembi adayamba kusaka zipupa zazitali kuposa malume, ndipo adapeza ziwiri: nthawi ndi chilengedwe. Makina oyendera nthawi adatchuka ndi H. G. Wells m'buku la The Time Machine la 1895. Diana Gabaldon, mu Outlander ya 1991, adatenga namwino wokwatiwa amene wangochoka ku nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, n'kumugwetsera ku Scotland wa chaka cha 1743, kumene adakwatiwanso. Mu Twilight ya Stephenie Meyer, ya 2005, wokondedwayo ndi wopopa magazi wa nkhope yosalala. Ku America atsikana adamukomera mtima. Kuno kwathu, mu 2017, mphekesera ya anamapopa idaphetsa anthu ku Mulanje ndi maboma oyandikana nawo. Chilombo n'chimodzi, koma kwina n'chosangalatsa pa tsamba, kwina anthu amachisaka ndi miyala. Kusiyana kumeneku mukusunge.

Alembi a ku Malawi nawonso adalowa m'bwaloli, ngakhale cholinga chawo sichidali chibwenzi kwenikweni. Shadreck Chikoti adalemba Azotus the Kingdom, nkhani yochitika zaka 500 kutsogoloku, ndipo Muthi Nhlema mu Ta O'Reva amabweretsa Nelson Mandela ku South Africa wa m'tsogolo amene waonongeka. Ndipo amene adawerenga Sikusinja ndi Gwenembe ya J. W. Gwengwe sadapite kukafunsa Sheikh ngati mbalame ingaululedi wakupha. Tonse tidadziwa kuti ndi nthano, ndipo phunziro tidalitola.

Nkhani ya mtunduwu imene ine ndimaiona yakuya koposa idalembedwa ndi Msilamu. Mu 1933 Tawfiq al-Hakim wa ku Egypt adatulutsa sewero la Ahl al-Kahf, lochokera pa anyamata a kuphanga. Mmodzi mwa iwo, Mishlinya, adali pa ubwenzi ndi Prisca, mwana wa mfumu. Atadzuka athamangira ku nyumba yachifumu akuganiza kuti wagona usiku umodzi, ndipo apezadi mtsikana wa nkhope yomweyo ndi dzina lomwelo. Koma si iye. Prisca wake adamwalira kalekale, uyu ndi wa m'badwo wina. Mnzake Marnush apeza kuti mwana amene adamusiya ali wamng'ono adakula, adakalamba, ali m'manda. Mmodzimmodzi abwerera kuphanga, poona kuti munthu sakhala ndi moyo chifukwa cha mpweya wokha, amakhala ndi moyo pakati pa anthu a nthawi yake. Mlembiyu sadanamize owerenga kuti chikondi chimagonjetsa zaka. Komabe ophunzira a Surah Al-Kahf achenjere: Qur'an siitchula maina a anyamatawo, siitchula Prisca, ndipo ngakhale za chiwerengero chawo imatiletsa kukangana. Zonsezo n'zowonjezera za anthu. Sewero likhale sewero, wahyi ukhale wahyi.

Nanga kudumpha nthawi n'kotheka? Qur'an ikutiuza kuti anyamata aja adakhala m'phanga zaka 300 n'kuwonjezapo 9. Ma ulama ena a tafsir adaona kuti zaka 300 zowerengera dzuwa zimafanana ndi zaka 309 zowerengera mwezi. A Fomu 2 yesani: chaka cha mwezi chimachepa ndi masiku pafupifupi 11, chulukitsani ndi 300, gawani ndi 354. Mu Surah Al-Baqarah, ndime 259, mulinso munthu amene Allah adamuchotsa moyo zaka 100, ndipo atamuukitsa adayesa kuti papita tsiku kapena gawo la tsiku. Chakudya chake chidali chisanavunde, bulu wake ali mafupa. Zonsezi n'zopita kutsogolo, ndipo adazichita ndi Allah, osati mwala kapena makina. Sayansi nayo imalola njira yomweyo yokha. Malinga ndi Einstein, wotchi ya woyenda mwaliwiro imachedwa. Sergei Krikalev wa ku Russia, amene adakhala m'mlengalenga masiku 803, adatsogola ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 50 a sekondi. Umenewo ndiwo ulendo wonse, sungakufikitse kwa bwenzi la mu 1743.

Kubwerera m'mbuyo ndiye kulibe. Mu Surah Al-Mu'minun munthu amene imfa yamufikira amapempha kubwezedwa kuti akakonze zimene adasiya, ndipo amakanizidwa. Apa mpamene nkhani izi zimakokera mtima: aliyense ali ndi tsiku limene akadakonda kulibwereza. Mtumiki Muhammad, madalitso ndi mtendere zikhale pa iye, adatichenjeza m'hadith ya mu Sahih Muslim kuti mawu odandaula akuti ndikadachita chakuti amatsegulira Satana khomo. Chimene tidapatsidwa chokonzera dzulo ndi tawba.

Za majini n'zolemera kuposa apa, chifukwa makina a nthawi kulibe koma majini aliko. Adalengedwa ndi moto, ali ndi Surah yawoyawo, ena ndi okhulupirira, ena ayi. Mwana wa ku London akawerenga za mwamuna wachiwanda amatseka buku n'kugona. Mwana wa kwa Chitukula amene wakula akumva za lichero louluka usiku, akawerenga zomwezo n'kulota mwamuna wosamudziwa, amadzuka ali ndi mantha enieni. Anzake amuuza kuti ali ndi mwamuna wauzimu, ndiye chifukwa chake masamu akumuvuta, ndiye chifukwa chake sadzakwatiwa. Kenako banja ligulitsa thumba la chimanga kapena belo la fodya kuti mwana akatemeredwe mphini ndi kuvekedwa chithumwa. Pamenepo nkhani ya m'foni yatifikitsa pakhomo pa shirk. Surah Al-Jinn, ndime 6, imanena za anthu amene ankathawira kwa majini kufuna chitetezo, ndipo mapeto ake mtolo wawo udangolemera.

Za ukwati wa munthu ndi jini ma ulama adakambirana kalekale. Badr al-Din al-Shibli, wa zaka za m'ma 1300, adasonkhanitsa maganizo awo m'buku la Akam al-Marjan. Ambiri adaukana, potengera ndime za mu Surah An-Nahl ndi Ar-Rum zonena kuti Allah adatipangira a m'banja ochokera mwa ife tomwe. Chifukwa chimene chimanenedwa kuti Imam Malik adapereka poipidwa nawo n'chimene makolo ayenera kuchimvetsa: adaopa kuti mkazi akapezeka ndi pakati n'kufunsidwa mwini wake, adzangoti ndi jini, ndipo zoipa zidzachuluka. Imamu adaona patali. Mtsikana wa sukulu akaima, pali mwamuna wa dzina ndi mudzi. Kawirikawiri ndi wamkulu amene adamuopseza kuti asaulule, ndipo palibe chimene chingamukondweretse munthu ameneyo kuposa kumva mudzi ukunamizira chiwanda.

Tsono kuwerenga kuli pati? Nkhani imene wolemba ndi wowerenga onse akudziwa kuti njopeka si bodza, ndipo ma ulama ambiri amailola, monga momwe Asilamu akhala akuwerengera nthano za nyama zolankhula za Kalila wa Dimna kwa zaka zoposa 1,000. Ine sindiopa makina a nthawi. Zimene ndimayang'ana n'zina: ngati nkhaniyo ikuvula anthu pa tsamba, ngati ikukometsa mwamuna wolowa kuchipinda kwa mtsikana usiku osagogoda n'kumati chimenecho ndicho chikondi, ngati ikuphunzitsa kupempha kwa mizimu, ndiponso ngati yadya Swala ya Fajr ndi nthawi yokonzekera MSCE. Zambiri za m'mafoni zimagwa pa mfundo yoyamba, chiwanda chisanatulukire n'komwe.

Za maloto, anyamata ndi atsikana musachite manyazi. Umm Sulaym adafunsa Mtumiki maso ndi maso za mkazi wolota zogonana, ndipo yankho lidali lakuti asambe ghusl ngati waona madzi. Sadamuuze kuti wakwatiwa ndi jini. Loto likakhala loopsa, Sunnah ndi kupempha chitetezo kwa Allah, kulavulira pang'ono kumanzere katatu, kutembenukira mbali ina, ndi kusalifotokoza kwa anthu. Amene mantha akumupitirira aonane ndi mayi ake, mphunzitsi wamkazi kapena ife a Maphunziro a Chisilamu, ndipo ngati tulo tikusowa kwa masabata, tidzamuperekeza kuchipatala.