Shifty Records: Kampani ya nyimbo yomwe idabadwira m'kalavani

Mukamva za kampani yojambula nyimbo, mwina mumaganiza za chinyumba chosanja, mlonda pageti ndi mabwana a mataye. Koma ku South Africa, komwe ambirife timangoti ku Joni, kudali kampani ina yomwe situdiyo yake yoyamba idali kalavani yokokedwa ndi galimoto. Dzina lake lidali Shifty Records.

Kampaniyi sidalemeretse munthu ndipo nyimbo zake zambiri sizidamveke pa wailesi ya boma. Komabe lero, wofuna kumva momwe anthu ankayimbira m'zaka zomaliza za ulamuliro watsankho sangailambalale.

Adayambitsa kampaniyi mumzinda wa Johannesburg cha m'ma 1983 ndi oyimba awiri, Lloyd Ross ndi Ivan Kadey. Kadey adayimbako m'gulu la National Wake lomwe mudali azungu ndi anthu akuda pamodzi, chinthu chomwe apolisi a nthawiyo ankadana nacho koopsa.

Masiku amenewo makampani akuluakulu ankafuna nyimbo zoti wailesi ya boma ya SABC ivomere kuziulutsa, poti nyimbo yosamveka pa wailesi inkavuta kugulitsa. Ku SABC kudali komiti younika mawu a nyimbo. Ikakana nyimbo, ankaikanda ndi kachitsulo kosongoka pa mbale ya galamafoni kuti muulutsi asayerekeze n'komwe kuiika. Wailesi zidagawidwanso potengera mitundu: ya Chizulu payokha, ya Chisutu payokha. Kusakaniza zilankhulo m'nyimbo imodzi kudali kudziputira mavuto. Akuluakulu omwe akukumbukira za bungwe lounika nyimbo ndi mabuku kwathu kuno m'nthawi ya chipani chimodzi amvetsa msanga zomwe tikunena.

Choncho oyimba ambiri aluso adalibe kolowera. Ross ndi Kadey adasonkhanitsa makina ojambulira n'kuwamangirira m'kalavani. Dzina loti Shifty lidachokera pomwepo, poti situdiyoyo inkasuntha kulondola oyimba komwe ali.

Umodzi mwa maulendo oyamba udali wa ku Lesotho. Kumeneko kudali gulu la Sankomota lotsogozedwa ndi katswiri wa gitala Frank Leepa, gulu lomwe pambuyo pake lidatchuka kwambiri ndi mawu a Tsepo Tshola. Anyamatawa, omwe poyamba ankadziwika kuti Uhuru, boma la South Africa lidawaletsa kulowa m'dzikomo. Poti oyimba sakadatha kupita ku situdiyo, situdiyo ndiyo idapita kwa iwo. Chimbale chawo choyamba chidajambulidwa ku Lesotho komweko ndipo chidatuluka mu 1984.

Chaka chomwecho Shifty idatulutsa nyimbo za makwaya a anthu ogwira ntchito m'mafakitale, a m'bungwe la FOSATU. Awa sadali akatswiri apasiteji ayi, koma abambo ndi amayi omwe ankaweruka kuntchito n'kukayimba za malipiro ochepa ndi nkhanza za akapitawo.

Zinthu zidafika povuta mu 1986 pomwe boma la P.W. Botha lidakhazikitsa malamulo okhwima m'dziko lonse, opatsa apolisi mphamvu zotsekera munthu popanda kumuzenga mlandu. M'chaka chimenecho Shifty idajambula mlakatuli Mzwakhe Mbuli, yemwe ankalakatula pa maliro ndi pa misonkhano ya omenyera ufulu. Boma lidaletsa chimbale chake cha Change is Pain, koma anthu ankangopatsirana makaseti mobisa. Mu 1988 Mbuli adatsekeredwa pafupifupi miyezi isanu ndi umodzi, ndipo atatuluka adabwereranso ku Shifty n'kutulutsa Unbroken Spirit mu 1989.

Koma chomwe chidawawa kwambiri boma n'choti ana a azungu eniake adayamba kuliwukira kudzera m'nyimbo za rock. Nthawiyo mnyamata aliyense wachizungu ankakakamizidwa kulowa usilikali kwa zaka ziwiri, ndipo ena ankatumizidwa kunkhondo kumalire a Namibia ndi Angola. James Phillips, yemwe adadzipatsa dzina loti Bernoldus Niemand, adayimba monyogodola usilikaliwo m'Chiafrikaans, chilankhulo cha olamulira. Chimbale chake chidatuluka mu 1985 ndipo SABC idachikana. Shifty idagwirizananso ndi bungwe lotsutsa usilikali wokakamiza la End Conscription Campaign potulutsa chimbale cha Forces Favourites.

Mavuto sadathere ku wailesi kokha. Chimbale cha Own Affairs cha Kalahari Surfers, dzina lomwe ankagwiritsa ntchito Warrick Sony, fakitale yodinda mbale m'dzikomo idachikana poona mawu ake, moti chidakadindidwa ku London.

Chaka chosaiwalika chidali 1989. Mothandizana ndi nyuzipepala ya Vrye Weekblad, Shifty idakonza ulendo wa zoyimbayimba wotchedwa Voëlvry. Mawuwa ali ndi matanthauzo awiri: kumasuka ngati mbalame, komanso munthu yemwe lamulo lamutaya moti aliyense angathe kumusaka. Johannes Kerkorrel, Koos Kombuis ndi Bernoldus Niemand adazungulira m'matauni ndi m'mayunivesite, akuseka Botha ndi atsogoleri ena pamaso pa ana a olamulirawo. Yunivesite ya Stellenbosch, komwe adaphunzira atsogoleri ambiri a boma latsankho, idaletsa oyimbawa kuyimba pasukulupo, ndipo ophunzira adachita zionetsero zokwiya. Paja akuluakulu adati wakutsina khutu ndi mnansi, koma olamulira sadafune kumva.

Nanga ndalama zinkachokera kuti? Apa ndiye padali pa nkhani. Popanda wailesi, malonda ankayenda pang'onopang'ono. Kwa zaka zingapo kampaniyi idapumira thandizo lochokera ku Sweden, dziko lomwe linkathandiza kwambiri omenyera ufulu.

Chodabwitsa n'choti ufulu womwe Shifty inkaulirira ndiwo udaifooketsa. Nelson Mandela atatuluka m'ndende mu 1990, thandizo lakunja lidayamba kuphwa ndipo oyimba otchuka a maiko ena adayambanso kufika m'dzikomo. Komabe kampaniyi idajambula chimbale choyamba cha Vusi Mahlasela, When You Come Back, chomwe chidatuluka mu 1992. Patangotha zaka ziwiri, Mahlasela adayimba pa mwambo wolumbiritsa Mandela kukhala mtsogoleri wa dziko.

James Phillips adamwalira mu 1995 atachita ngozi ya galimoto, ndipo Kerkorrel adamwalira mu 2002. Ross adatembenukira ku ntchito yojambula mafilimu ofotokoza mbiri, kuphatikizapo ya oyimba omwe adagwira nawo ntchito.

Chidatsala ndi mulu wa matepi. Tepi ikakhalitsa imamatirirana ndi chinyezi ndipo mawu amafufutika. Pofuna kupulumutsa chumachi, matepiwo adasamutsidwira pa kompyuta, ndipo zithunzi ndi makalata a kampaniyi zidasungidwa mothandizana ndi bungwe la South African History Archive. Mu 2014 ku Johannesburg kudachitika chikondwerero cha Shifty September chokumbukira ntchito ya kampaniyi. Lero mdzukulu wa mayi yemwe adayimba m'kwaya ya kufakitale mu 1984 angathe kufufuza nyimbozo pa intaneti n'kumva mawu a agogo ake.

Nkhaniyi ikutikumbutsa za makaseti omwe ali m'makatoni kuseri kwa kabati m'nyumba zathu zambiri: a kwaya ya kumpingo, a gulu la anyamata a patauni pathu omwe adajambula chimbale chimodzi n'kubalalika. Mwina kaseti yanuyo ndi yokhayo yomwe yatsala. Musanaitaye kudzala, ganizani kawiri, ndipo funsani achinyamata odziwa za kompyuta ngati angaisamutse isadaonongeke.