Wotchi ya ku Joni ndi Mkono wa Mdzukulu

M'midzi ya m'chigwa cha Dedza, kuyambira ku Golomoti kudutsa pa Mua mpaka ku Mtakataka, mukadali masutikesi achitsulo amene adatsika sitima zaka 50 zapitazo kapena kuposa. Pansi pa zovala ndi makalata akale, m'kansalu komanga mfundo, nthaŵi zina mumapezeka wotchi. Mwini wake adatsogola, ndipo pogaŵa chuma cha masiye wotchiyo imagwera mwana kapena mdzukulu amene adapita patali ndi sukulu. Mnyamatayo akaiyesa pamkono, dandaulo lake limakhala limodzi: yachepa, ikuoneka ngati ya akazi. Ena amaibwezera m'sutikesi. Ena amaigulitsa pamtengo wa nkhuku nakagula chiwotchi chonyezimira chimene chimafa dzinja lisanathe.

Anthu a m'chigwachi adadziŵana ndi nthaŵi ya wotchi kalekale. Ansembe a White Fathers adakhazika mishoni ya Mua mu 1902, belu nkuyamba kuitana anthu kutchalitchi ndi kusukulu pa ola lake. Mu 1935 njanji idafika ku Salima kudzera pa Golomoti ndi Mtakataka, ndipo sitima sinkadikira munthu woŵerenga nthaŵi poyang'ana dzuŵa. Kenaka padabwera ulendo wa ku Joni. Pofika 1973 Amalaŵi oposa 100,000 ankagwira ntchito m'migodi ya ku South Africa, ndipo munthu wobwerako ankanyadira njinga, wailesi, bulangete ndi wotchi. Ulendowu udaimitsidwa mu 1974 ndege ya Wenela itagwa ku Francistown, m'dziko la Botswana, nkupha anthu oposa 70. Udayambanso mu 1977 pansi pa Theba, nkutheratu mu 1988. Wotchi ya m'sutikesi ija, tsono, ndi mboni ya thukuta la munthu pansi pa nthaka.

Nanga nkuona kuti ndi ya akazi? Iyai. Kukula kwa wotchi kumayesedwa m'mamilimita, kuchoka mbali imodzi ya thupi lake kufika mbali ina, osaŵerengera kamutu kopukusira. Kuyambira zaka za m'ma 1940 mpaka za m'ma 1960, mawotchi ambiri a amuna anali a mamilimita 31 mpaka 36, pamene a akazi kaŵirikaŵiri sankapitirira 25. Edmund Hillary pokwera phiri la Everest mu 1953 adatenga wotchi ya Smiths ya ku England yosapitirira mamilimita 34. Rolex Datejust, imene idatuluka mu 1945, inali ya mamilimita 36, ndipo inkaonedwa ngati yaikulu ndithu. Mawotchi a mamilimita 42 kapena 44 amene adzaza m'misika lero ndi fashoni ya posachedwapa. Maso ndiwo adazoloŵera zazikulu. Mikono ya anthu sidasinthe.

Kuyesa mkono sikufuna chida cha mtengo wapatali. Munthu atenge ulusi kapena kachidutswa ka mlaza, azungulize pamkono pamwamba pang'ono pa kafupa kotuluka kaja, aike chizindikiro pokumana, kenaka autambasule pa rula ya kusukulu. Ayese masana, chifukwa m'chigwa chotentha ngati chino, makamaka mu Okutobala ndi Novembala, mkono umafufuma pang'ono dzuŵa likakwera, ndipo lamba woyesedwa m'maŵa amadzafinya madzulo. Mkono wa masentimita 15 mpaka 17 umagwirizana bwino ndi wotchi ya mamilimita 33 mpaka 36. Wa masentimita 17 mpaka 19 ungathe kunyamula ya 36 mpaka 40. Malire ameneŵa ndi ongothandiza, si lamulo.

Muyeso umene anthu ambiri amauiŵala ndi wa tinyanga tinai timene timagwira lamba, tiŵiri kumwamba, tiŵiri kumunsi. Utali wochoka kunsonga ya tinyanga ta kumwamba kufika kunsonga ya ta kumunsi ndiwo umanena zoona. Munthu aike wotchi pamkono, aiyang'ane kuchokera pamwamba. Ngati khungu likuoneka kutsogolo kwa nsonga mbali zonse ziŵiri, wotchiyo ndi yake. Ngati tinyanga tatulukira kunja kwa mkono, lamba nkumatsika choimirira ngati chingwe cha pachitsime, wotchiyo yakula. Idzapendama uku ndi uku, idzagunda pa desiki ndi pachitseko, ndipo wotchi yakale sipirira kugundidwa. Mawotchi aŵiri ofanana m'mimba angathe kusiyana kwambiri pamkono chifukwa imodzi ili ndi tinyanga tatitali towongoka, inzake tatifupi topindikira pansi.

Palinso chinyengo cha maso. Wotchi ya nkhope yoyera ndi mkombero wopyapyala imaoneka yaikulu kuposa muyeso wake, pamene ya nkhope yakuda ndi mkombero wochindikala imaoneka yaing'ono. Ya ngodya zinai imadzaza mkono kuposa yozungulira. Ndipo galasi lodziyang'anira, munthu ataima patali pang'ono, limaweruza bwino kuposa chithunzi cha pa foni, chimene chimakuza chilichonse chili pafupi.

Kuchindikala nako nkofunika kwa mphunzitsi wovala malaya a manja aatali. Wotchi yopukusa ndi zala imakhala yopyapyala, nthaŵi zambiri yosapitirira mamilimita 10, ndipo imaloŵa m'malaya mosavuta. Imafuna kupukusidwa tsiku ndi tsiku, makamaka pa ola limodzimodzi. Yodzipukusa yokha mkono ukamayenda ili ndi kachitsulo kozungulira m'kati, choncho imatukuka. Seiko 5 ya ku Japan, imene idayamba kupangidwa mu 1963, ndi ya mtundu umenewu, ndipo zambiri zili ndi kamutu kopukusira pa nambala 4 m'malo mwa 3, motero sikabaya dzanja munthu akalipinda polemba pa bolodi kapena popalasa njinga. M'chipinda cha mayeso, mmene foni siloledwa, wotchi yotere imapezanso ulemu wake wakale.

Lamba ndiye amawononga mawotchi ambiri a masiye. Mpata wa pakati pa tinyanga ta wotchi yakale umakhala wa mamilimita 16 mpaka 19, kaŵirikaŵiri 18, pamene malamba ambiri a masiku ano ndi a 20 kapena 22. Mmisiri wachangu amadula lamba ndi lumo, ndipo zimenezo nzokhululukika; koma wina amapala tinyanga ndi tupa, ndipo chitsulo chopalidwa sichibwerera. Lamba wachikopa amaoneka bwino, koma thukuta la kunyanja limamudya msanga, nayamba kununkha. Wachitsulo kapena wa nayiloni amatsukika. Akamangidwa, chala chakaninse chiyenera kuloŵa pansi pake, koma wotchi isatsikire padzanja.

Madzi ndi mdani wina. Ngakhale pa chivindikiro palembedwe kuti madzi saloŵa, labala wotseka mipata amauma ndi zaka. Wotchi yakale ivulidwe munthu akamasamba, akamachapa kumtsinje kapena akamakwera bwato. Nkhungu ikaoneka m'kati mwa galasi, ipite kwa mmisiri tsiku lomwelo dzimbiri lisanagwire. Ndipo ngati manambala ake ali ndi utoto wachikasu wofumbutuka umene kale unkaŵala usiku, isatsegulidwe panyumba, pakuti mpaka zaka za m'ma 1960 utoto wina wotere unkasakanizidwa ndi radium, imene fumbi lake ndi loopsa likaloŵa m'thupi.

Wogula wotchi yakale pamsika kapena pa intaneti achenjere ndi zija za nkhope yoŵala ngati zatsopano, zamitundu yofiira ndi yobiriŵira, zogulitsidwa motsika mtengo. Zambiri zimalumikizidwa ku India kuchokera ku zidutswa za mawotchi osiyanasiyana, nkhope nkupentedwanso, dzina lotchuka nkulembedwapo. Ya m'sutikesi ya agogo ilibe vuto limenelo. Imangofuna kutsukidwa ndi kuthiridwa mafuta ndi mmisiri wodziŵa ntchito yake isanayambe kuvalidwa tsiku ndi tsiku, chifukwa mafuta ouma amadya timano ta mawilo ake, ndipo zida zosinthira zikusoŵa chaka ndi chaka.