Mame a M'munda wa Fodya

Munthu akapatuka pa msewu waukulu wochokera ku Lilongwe kunka kumalire a Mwami, nalunjika ku mishoni ya Ludzi m'mwezi wa Febuluwale, pamene mvula yakhazikika ndipo zigafa zayamba kudzala, maso ake amakhuta ndi chonde cha dziko la Mchinji. Koma akadekha, monga adanenera makolo za maso a nkhono, adzaona kuti ambiri mwa owerama m'mizeremo ndi alendo, amene adasiya kwawo ku Mulanje, ku Thyolo kapena ku Machinga kudzafuna chakudya cha thukuta lawo. Tsono mlendo aliyense pantchito ali ndi mabwana awiri: wina ndiye wolemba dzina lake m'kaundula, wina ndiwo malo amene agwiramo ntchitoyo, ndipo wachiwiriyu, ngakhale alibe pakamwa, ndiye amayamba kulamula thupi.

Taonani mnyamata amene walowa m'munda tsiku lake loyamba, tambala atangolira kumene. Masamba ali chinyowere ndi mame, iye nawathyola ndi manja osavala kanthu, nawapanira m'khwapa, nawakumbatira pachifuwa kufikira malaya atamatirira khungu. Dzuwa likapendeka mutu wayamba kuwawa, mseru wamgwira, chizungulire chamgwetsa pansi pa mtengo, ndipo usiku asanza kosalekeza. Anzake adzati ndi malungo. Iye mwini, pokumbukira kuti ali pakati pa anthu osawadziwa, adzalingalira mumtima kuti wina wamtchera mankhwala. Koma mfiti yake ndi chikonga, chomwe chija chimadetsa kaliwo wa agogo, pakuti chimasungunuka m'mame ndi m'thukuta n'kulowa m'magazi kudzera pakhungu, munthu asanasute ngakhale ndudu imodzi. Madokotala amati amene amavutika koposa ndi atsopano pantchito ndiponso ana, ndipo nthendayi imakonda kutha patapita tsiku limodzi kapena awiri, n'kubweranso munthu akabwerera m'fodya wonyowa. Mu 2009 bungwe la Plan International, litacheza ndi ana ogwira ntchito m'minda ya fodya ku Mchinji, ku Kasungu ndi ku Lilongwe, lidalengeza kuti patsiku lachinyezi mwana angathe kumwa chikonga cholingana ndi cha ndudu 50. Paja amati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Koma kuno mamewo ndiwo amafooketsa mlendo.

Chikonga sichili chokha. Msana umene udazolowera kamunda ka pakhomo uyenera tsopano kuwerama kuyambira kunazale kufikira posoka masamba. Chifuwa chiyenera kupirira fumbi la m'chigafa pa nthawi yosankha fodya ndi kudinda mabelo pajeke. Manja agwira mankhwala ophera tizilombo, madzi osamba ali kutali. Ndipo tulo m'kanyumba kopanda neti timpereka munthu kwa udzudzu. Izi si zachilendo m'dziko muno, pakuti azigogo athu amene adapita ku migodi ya ku Joni kudzera m'bungwe la Wenela adabwerako ndi majekete ndi njinga, komanso ena ndi fumbi la mwala m'mapapo, limene lidayamba kuwatsokomoletsa atakhala kale pakhonde kwawo. Zoonadi chakudza sichiimba ng'oma.

Nanga tichitenji, popeza walira mvula walira matope, ndipo fodya ndiye amagula malata ndi kulipira fizi? Nzeru zake n'zotsika mtengo: kudikira kuti mame akamuke musanathyole, kuvala malaya a manja aatali ndi pulasitiki yotchinga pachifuwa, kuvula chovala chikangonyowa, kusamba ndi sopo musanagwire nsima, ndi kumwa madzi pafupipafupi. Wodwala apite ku chipatala, monga cha mishoni pa Ludzi pomwepo, akayezetse magazi, ndipo asaiwale kuuza adokotala ntchito imene agwira, pakuti malungo ndi chikonga zimafanana nkhope koma mankhwala ake ndi osiyana. Lamulo nalonso silili chete: la mu 1997 loona za chitetezo ndi umoyo pantchito limapatsa wolemba ntchito udindo woteteza antchito ake, ndipo mu 2021 Nyumba ya Malamulo idathetsa utenanti, kuti wolima m'munda wa mwini azilandira malipiro monga wantchito aliyense.

Chotero inu eni minda ndi akapitawo, mlendo akafika musamuonetse mzere wake wokha, koma mumuuzenso za mame, chifukwa wakutsina khutu ndi mnansi. Ndipo inu amene mwapeza ntchito yatsopano, funsani musanathyole tsamba loyamba, pakuti safunsa adadya phula. Ndalama ya kuokushoni imabwera chaka ndi chaka, koma thupi mudalandira limodzi lokha.