Osintha ndalama a m'mbali mwa Ruo

Munthu wofika pa Makhanga, kumene mtsinje wa Ruo umalekanitsa dziko lathu ndi la Mozambique usanakathire mu Shire pa Chiromo, sachedwa kuona kuti pakati pa asodzi, opalasa mabwato ndi amayi a mbatata pali amuna ena amene malonda awo ndi ndalama yeniyeniyo. Wosintha ndalama alibe sikelo kapena nkhokwe. Ali ndi kachikwama ka m'chiuno, makwacha mbali iyi, metikali mbali inayo, ndipo chala chake chonyowa ndi malovu chimazindikira pepala lachinyengo diso lisanaliyang'ane.

Phindu lake ndi laling'ono pa munthu mmodzi, koma tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha. Chomusowetsa tulo ndi mtengo, pakuti pamene kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, iye amene anagona ndi makwacha ochuluka anadzuka wosauka ngakhale wakuba sanalowe m'nyumba mwake. Ndiyesa ntchito imeneyi sitiilemekeza monga kuyenera, popeza mlimi wa kutsidya wobwera ndi chimanga sakadabwerera ndi mchere ndi sopo popanda munthu ameneyu.

Ndalama zotere zisanabwere, makolo athu Amang'anja ankagulana ndi makasu a chitsulo, mchere ndi nsalu za thonje zoomba okha, chuma chofuna phewa lolimba. Ngakhale kwa Azungu ndalama inali yolemera. Ku Sweden, kumene mgodi wa Falun unkatulutsa mkuwa wochuluka, m'chaka cha 1644, m'masiku a mfumukazi Christina, anasula ndalama ya madaler 10 imene inali chimbale cha mkuwa cholemera pafupifupi makilogalamu 20, chodindidwa pakati ndi m'ngodya zonse zinayi. Ndipo polema nako kunyamula, banki ya Johan Palmstruch ku Stockholm inayamba mu 1661 kupereka mapepala m'malo mwake. Lero osonkhanitsa ndalama zakale amalimbirana zimbale zimenezo pa mtengo waukulu.

Kwathu kuno osunga zotere ndi nkhalamba, zimene sizidziyesa n'komwe kuti zili ndi ntchito. M'kachitini ka agogo mupezamo tiki, sheleni, ndi khobiri loboola pakati la nthawi ya Chitaganya, lokhala ndi njovu ziwiri zoimirira mozungulira bowolo. Mupezamonso mwina eskudo ya Apwitikizi, imene metikali inalowa m'malo mwake ku Mozambique mu 1980. Wosintha ndalama sangazilandire, chifukwa chiyambire 1971 timawerenga makwacha ndi matambala, ndipo adzukulu ake akusintha kale za pafoni. Koma madzi osefukira a 2015, ndi a namondwe Freddy mu 2023, anakokolola nyumba zambiri za kuno pamodzi ndi zonse za m'katimo, motero iye amene kachitini kake kanapulumuka ayenera kukaonetsa kwa ana asukulu ndi kuwauza zimene khobiri limodzi linkagula.