Wanjinga ya makala akamasulidwa, n'chifundo kapena kangachepe?

Chikonzereninso lamulo la nkhalango la 1997 mu 2020, pomwe zilango zidakhwimitsidwa, zipata za m'misewu yolowera m'mizinda zasanduka potsitsira makala. Wootcha, wonyamula ndi wogulitsa makala popanda chiphaso onse ndi olakwa, ndipo njinga yakapalasa nayo ili mkati. Koma lamulo siliima pamsewu. Amene amaima pamenepo ndi munthu, ndipo wogwidwayo amamuona m'maso.

M'mamawa wina, pamsewu wafumbi wochokera ku nkhalango ya Dzalanyama kulowera ku Lilongwe, bambo wina wa imvi adatulukira akukankha njinga. Adali atasanjikiza matumba atatu, lililonse lili ndi mutu wolukidwa ndi luzi, ndipo chishalo sichinkaoneka n'komwe. Mapedulo adali atatha, kwangotsala zitsulo zokha. Malaya adamatirira pamsana, thukuta litajambula mizere pankhope yodzaza phulusa. Ataona yunifomu sadayese kuthawa. Adatsamiritsa njinga pantchafu, adavula chipewa, n'kuyamba kupepesa "bwana" amene msinkhu wake ndi wa mwana wake.

Mlonda wa nkhalangoyo adamupatsa moni womutchula kuti "madala". Adatola khala limodzi, kuliphwanya, n'kuona kuti ndi la mtengo wachilengedwe. Bamboyo adafotokoza kuti adanyamuka usiku, kuti makalawo adangopikula pangongole kwa wootcha, kuti kunyumba ufa udatha. Mnyamatayo adakhala chete kwa kanthawi, maso ali kwa mnzake amene ankalemba m'kaundula. Kenako adamasula thumba limodzi, kuligwetsera pamulu wa zolandidwa, ndipo adakodola bamboyo ndi mutu kuti adzipita ndi awiri otsalawo.

Palibe ndalama imene idadutsa pamanja. Komabe amayi awiri ogulitsa zitumbuwa chapafupi adagwedeza mitu, wina n'kunena motsitsa kuti pamenepo adyapo kale.

Mkangano wagona apa. Kwa woonera patali, chifundo ndi kangachepe zimafanana: wolakwa waimitsidwa, alankhulana pang'ono, wapita. Ogwira ntchito ena a zankhalango amati n'chifukwa chake mlonda sayenera kusankha. Akangoyamba kuweruza yekha kuti uyu ndi wosaukitsitsa, mawa wina adzagula usiwa womwewo ndi ndalama, ndipo sipadzakhala njira yomutsutsira. Amakumbutsanso kuti mtsinje wa Lilongwe, umene mzinda wonse umamwa, umayambira ku Dzalanyama, ndipo mpaka asilikali adatumizidwako kukalondera mitengo. Amatinso eni malole nawo adaphunzira kugawa katundu wawo pa njinga zambirimbiri, podziwa kuti wanjinga amamveredwa chisoni.

Ena amati kulanda njinga ya munthu wotere n'kumulanda khasu, pomwe lole yodzaza imadutsa pakati pausiku anthu atagona. Mfundoyi ndi yolemera, ndipo alonda eni ake amaidziwa. Mabanja oposa 90 pa 100 alionse m'dziko muno amaphikira nkhuni kapena makala. Mlonda yemwe uja akaweruka, magetsi atathima, nsima yake imapsa pambaula, ndipo makalawo sabwera ndi chiphaso.

Mnyamata uja sadachite zimene lamulo limafuna, sadachitenso zimene mtima unkamuuza. Thumba limodzi lidamupatsa cholemba m'kaundula, awiri aja adapatsa bamboyo pobwezera ngongole. N'kovuta kumudzudzula. Chodetsa nkhawa n'chakuti chigamulo chotere amachipanga yekhayekha, popanda malangizo olembedwa omuteteza, ndipo tsiku limene bwana wake adzamufunse, yankho loti adamva chisoni silidzamupulumutsa. Boma likafuna kuti lamulo lipirire wanjinga, lilembe poyera malire ake. Likapanda kutero, liyambe ndi malole, kuti mlonda asamachite manyazi polanda thumba la nkhalamba.

Pamsewu womwewo makala ambiri tsopano akuyenda panjinga zamoto. Anyamata ake amamangirira matumba anayi kapena asanu, amadziwa tinjira todutsa m'minda, ndipo akaona dzanja la mlonda amangoonjezera moto. Amene akuimabe pachipata ndi okankha okhaokha.